Matravau a Galimoto ya Apongozi

Lolemba, 6 Outubro

Kutentha koopsa. Ulendo umodzi wa kumalire ku Cassacatiza, matumba a soya a eni ake. Popita galimoto inali yopanda kanthu, koma pa mtsetse wa Kamwala yandichitanso zija. Ndikaponda travau, ndiye kuti mabuleki, phazi likunjenjemera, chiwongolero chikukokera kumanja kumene kuli chigwembe. Kulira kwake, tswiii, mpaka amayi ochapa pansi pa mlatho anadzutsa mitu.

Kiyi ndapereka kwa mkazi wanga Odeta monga mwa masiku onse, iye wakapereka kwa mayi ake. Kuyendetsa ine, kutsuka ine, kugona pansi pake ndi sipanala ine, koma kiyi amagona pa mfundo ya chitenje cha apongozi anga, mayi Genoveva. Chilowereni chikamwini pamudzi pano sindinalankhulepo nawo maso ndi maso. Tikakumana panjira iwo amapatukira patchire, ine ndimayang'ana kumbali. Makomo ena mwambowu anausiya kalekale. Khomo lino ayi.

Mwana wathu Abigaeli waguluka dzino lakutsogolo. Akuseka ndi aliyense kuti alione.

Lachiwiri, 7 Outubro

Jeke, miyala kumatayala akumbuyo, tayala lakumanzere pansi. Zomwe ndimaopa zija.

Disku yadyeka. Pakati pake mizere yakuya, chikhadabo chikukodwa. Kumphepete dzimbiri lokhalokha chifukwa pasitilya sifikako n'komwe, ndiye pasanduka mlomo wakuthwa kuzungulira disku yonse. Chitsulo chada ngati chawauka pamoto. Pasitilya yadyeka mopendekera, uku yokhuthala, uku chitsulo chili poyera. Yakumanja nayonso yayamba, koma yakumanzere ndiyo yafika poipa.

Odeta anabwera ndi madzi akumwa, n'kufunsa chimene ndikuyang'anitsitsa. Ndinatenga mbale yake yachitsulo, ndinaipana ndi zala ziwiri. Ndinati mbaleyi ndi disku, imazungulira pamodzi ndi tayala. Zalazi ndi mapasitilya, zikafinya galimoto imaima. Dzanja lonseli ndi pinsa. Tsono pa galimoto ya amayi dzanja ndi la munthu wamkulu, zala ndi za mwana. Anandiyang'ana, kenaka anati, “Ndamva, koma mbale yangayo ndikuifuna.”

Chiyambi chake ndi alamu anga a Welcome, mwana woyamba wa apongozi, amene anatsalira ku Katete, kutsidya kwa malire, pamene anzawo ankabwerera kuno nkhondo itatha. Galimoto anagulira mayi awo ndi iwowo. Mu Maio anaitenga, anakachotsa madisku ndi mapinsa ake obadwa nawo, n'kuikamo akuluakulu ochokera ku galimoto ina imene inagubuduka kumeneko. Akuti kuti tizisenza katundu wambiri popanda mantha. Ndisaname, inkagwira bwino. Tsiku lomwe inabwera mudzi wonse unagwada kusuzumira kuseri kwa matayala, apongozi nthungululu zili pakamwa.

Mapasitilya amene anabwera nawo anali ogwirapo kale ntchito, mu Agosto anatha. Tinatuma wa shapa, woyendetsa minibasi, ku Tete, tinamutchulira dzina la galimoto. Wa m'sitolo anapereka a galimoto ya dzina limenelo. Sanalakwe munthuyo, akanadziwa bwanji kuti miyendo yakutsogolo ndi yobwereka? Anabwera aang'ono, ogwedera mu pinsa. Ine sabata imeneyo malungo anandigoneka. Dinis, mwana wa ang'ono awo a apongozi, woyendetsa mota, njinga yamoto yonyamula anthu, anadula kachitsulo ka khasu lakutha n'kutsekera mpatawo. Mpaka lero amadzitama nazo pamsika.

Lachinayi, 9 Outubro

Dzulo ndinamutuma Odeta. Mawu anga anali awa: galimoto isayendenso ndi katundu mpaka tipeze mapasitilya oyenera pinsa imeneyi, ndipo disku yakumanzere isinthidwe. Ndinamubwerezetsa ngati mwana wa sukulu. Pofika pakhonde la mayi ake, mawu onse aja anasanduka akuti, “Akuti mabuleki akulira pang'ono.” Ndinamva ndekha ndili kuseri kwa nkhokwe.

Yankho: “Adontheze mafuta.”

Mafuta pa travau. Ndinaseka, kenaka mtima unandiwawa. Odeta akuti sangawauze mayi ake kuti zitsulo za achimwene ake n'zoipa. Ndati sindinanene kuti n'zoipa, ndati sizikugwirizana. Akuti kwa amayi zonsezo n'chimodzimodzi.

Madzulo ano a Jaime, alongo awo a apongozi, amene ndi ankhoswe a mbali ya Odeta, alengeza pabwalo. Loweruka la pa 18 kukavundukula chiliza cha malemu apongozi aamuna. Anamwalira ali kothawa nkhondo, manda ali m'mudzi wina kufupi ndi Katete. A Welcome amanga kale. Mbumba yonse ipita, ndi chimanga, chimera, nyemba, mbuzi. Woyendetsa sanamufunse. Ndinangomva dzina langa likutchulidwa pakati pa mbuzi ndi nyemba.

Lachisanu, 10 Outubro

Cassacatiza, ulendo wa makala. Pa Kamwala ndatsika ndi giya yoyamba, pang'onopang'ono, wa njinga anandipitirira akuliza belu.

Ndinapatukira kwa a Lemani, amakanika a pafupi ndi malire. Anagulula tayala, anapukuta disku ndi nsanza ya petulo, anandikodola. Kamng'alu. Kakang'ono ngati tsitsi, kuchokera pa mzere wakuya uja kulowera kumphepete. Ine Lachiwiri sindinakaone.

Akuti, “Ikatentha ndi katundu pamtsetse, iyi itseguka. Kapena kachitsulo ka khasu kaja katuluka, pasitilya igwa, phazi lanu lifika pansi osagwira kanthu.” Ku Tete akuti tisadzivutitse, tikatchula dzina la galimoto atipatsanso omwewa. Njira ndi imodzi: kunyamula disku ndi pinsa yomwe, kupita nazo ku Katete kumene zinachokera, kukayerekeza ndi maso m'masitolo a zitsulo zakale.

Pamalire telefoni imagwira bwino, ndinawaimbira a Welcome. Ndinayamba ndi moni wautali, ana, mvula, chiliza. Kenaka ndinafunsa mwaulemu kuti zitsulo zija zinachokera ku galimoto yanji. Akuti yoyera, yaikulu. Dzina lake? Aiwala. Wogulitsa uja? Anasamuka. Nditatchula mng'alu mawu anasintha. “Mlamu, zitsulo ndinaika ine n'zapamwamba. Mwina vuto ndi phazi.” Anadula.

Phazi lomweli lasenza soya wa mayi awo zaka zonsezi.

Lamulungu, 12 Outubro

Kutchalitchi thupi lokha. Nyimbo zikuimbidwa, ine ndikuona mlatho wa Kamwala.

Titaweruka ndinapita kwa a Jaime, ndinakhala pansi, chipewa m'manja. Ndinafotokoza zonse, mbale ndi zala zomwe. Anamvetsera akusenda nzimbe. Funso lawo limodzi: “Galimotoyo ikuima kapena sikuima?” Ndinati pakadali pano ikuima. Anati, “Ndiye.”

Kenaka anandiuza zomwe sindimadziwa. Chilizachi chalephereka kawiri, chaka chatha ndi chaka cha dzana. Apongozi akhala akulota malemu atakhala padzuwa, opanda mthunzi, osalankhula. Ndipo akuti galimoto inayamba kulira mwezi womwe a Welcome anagula simenti ya chiliza. Kwa apongozi, kulirako ndi malemu akuitana. Munthu wonena kuti ulendo uime akutsekereza malemu pakamwa.

Inde inayamba kulira mu Agosto. Mu Agosto momwemo Dinis anaikamo khasu.

Sindikuwaseka apongozi. Anaika mwamuna wawo m'dziko la eni, anabwerera ndi ana ndi mtolo pamutu, manda sanawaonenso. Ndikadakhala ine ndikadamvanso mawu m'chilichonse cholira. Koma mng'alu uja ndinaugwira ndi chala changa.

Lolemba, 13 Outubro

Ndayesa ndekha. Ndinapempha matumba a chimanga a ulendo uja kuti ndikagayitse awiri, ena ndinangowasiya momwemo kuti kulemera kufanane. Pa Kamwala giya yoyamba, travau kuponda ndi kusiya, kuponda ndi kusiya, monga anandiphunzitsira amene anandiphunzitsa. Theka la mtsetse zinali bwino. Pokhota paja fungo la chitsulo chopsa. Phazi linayamba kulowa ngati ndaponda papaya lakupsa. Mlatho ndinaudutsa mothamanga kuposa momwe ndimafunira, ndinakaima mumchenga kutsidya. Ndinakhala pamwala mpaka thukuta litauma.

Amenewo anali matumba okha. Opanda anthu, opanda mbuzi.

Kunyumba ndagulula tayala. Mng'alu watalika, tsopano ukuoneka osapukuta.

Ndamuuza Odeta mosazungulira: Loweruka sindiyendetsa. Akawauze amayi momwemo, asachotse liwu. Analira. Anati, “Bambo a Abigaeli, mukudziwa zimene zinawachitikira amuna a achemwali.” Ndikudziwa. Anatsutsana ndi a Jaime za munda wa kudimba, m'mawa mwake anapeza khasu ndi thumba la zovala zili panjira. Ana awo ali pompano, amadya nafe. Bambo wawo amawaonera pamsika.

Wapita kukanena. Ulendo uno wanena zonse, ndinamumva ndekha.

Lachitatu, 15 Outubro

Yankho lafika kudzera mwa a Jaime. Ngati mkamwini watopa, apume. Ayendetsa Dinis. Za ine akambirana ankhoswe akabwerako ku chiliza.

Dinis. Wopanda karita, chiphaso choyendetsera galimoto, wozolowera mota, munthu woti mtsetse amautsika atazimitsa injini kuti asunge petulo. Ndinamupeza akupukuta galasi, akuimba mluzu. Ndinamuonetsa mng'alu. Akuti, “Alamu, inu mumaopa ndi mthunzi wanu womwe. Chitsulo chonenepa chonchi chingasweke?”

Ndimayesa kukana kwanga kuimitsa ulendo. Kwangochotsa ine pa chiwongolero basi.

Ndinamupempha Odeta kuti iye ndi ana atsale. Sizingatheke. Abigaeli ndi mdzukulu woyamba wamkazi, akuyenera kukaonetsedwa pamanda a agogo ake. Wakhanda wathu ali kumsana kwa mayi ake, kumene apite mayi ake n'komweko. Ndipo ana pamudzi pano si a ine. Ndinabereka, ndimadyetsa, ndimagula makope, koma mawu otsiriza ndi a a Jaime.

Ndikayendetsa, ndawatengera ku chigwembe ndi manja anga. Ndikakana, awatengera Dinis. Ndikalankhulanso, khasu panjira. Mutu ukundiwawa chakumaso kuno.

Lachinayi, 16 Outubro

Palibe ulendo. Tsiku lonse kumunda, kusosa. Khasu likugwa lokha, maganizo ali kwina.

Ndinaganiza zochotsa kawaya kena mu injini mwakachetechete kuti Loweruka ingokana kulira. Dinis angakapeze, injini amaidziwako. Akapanda kukapeza anena kuti wina walodza ulendo, ndipo wina ameneyo adzakhala ndani? Ndinaganiza zotenga Abigaeli panjinga kupita naye kwathu ku Chifunde. Kuba mwana wanga yemwe. Nanga Odeta, nanga wakhanda, nanga ana a achemwali ake?

Amayi akusinja, akuphika thobwa, akuyeserera nyimbo za kumanda. Mudzi wonse uli pa chisangalalo. Ndikadutsa nkhani imaduka. Mng'ono wake wa Odeta wandipatsa moni wa pamphuno.

Mawu anga pamudzi pano amayenda ndi miyendo ya anthu ena. Akafika afooka, kapena asanduka mwano. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa onyamula mawuwo amene anapondapo travau n'kuimva ikulowa pansi.

Lachisanu, 17 Outubro

Apakira. Matumba, migolo ya thobwa, nkhuni, mphasa. Mbuzi aimanga mawa m'mawa. Kumbuyo kwa galimoto kwatsika, masipuling'i awongoka. Anthu sanakwere n'komwe.

Abigaeli amusokera diresi la chitenje chofanana ndi cha agogo ake. Wandikokera kuti ndikaone malo ake, pamwamba pa matumba, kuseri kwa kabini, mbali ya kumanja. Akuti wasankha pamenepo kuti azikaona mtsinje potsika pa Kamwala. Anandifunsa chifukwa chake sindikupita. Ndinati adadi ali ndi ntchito. Anati, “Ndikubweretserani nyama ya mbuzi.”

Odeta sakundilankhula. Wangondiikira madzi osamba basi.

Ndikuopa. Ndilembe momwemo, ndikuopa kwambiri.

Loweruka, 18 Outubro

Ndikulemba masana, ndili m'nyumba, chitseko chotseka. Manja akadali akuda.

Kutangocha ndinatenga jeke ndi masipanala. Anthu anali akusamba, ena akumanga mbuzi. Ndinatsekera matayala ndi miyala, ndinakweza. Jeke inalira ndi kulemera. Dinis anabwera akumanga lamba, anafunsa ngati ndikupopa. Tayala pansi, pinsa ndinaimangirira m'mwamba ndi waya, pasitilya inagwa yokha pamodzi ndi kachitsulo ka khasu. Disku inakakamira, ndinaimenya ndi mtengo mpaka inatuluka. Pamenepo anthu anali atazungulira. A Jaime anati ndibwezeretse msanga. Ndinawadutsa.

Ndinayenda nayo disku m'manja kudutsa bwalo lonse, kulunjika pakhonde la apongozi. Anali atavala kale, chitenje chatsopano, nsapato kumapazi, duku latsopano. Atandiona ndikubwera anadzuka kuti alowe m'nyumba monga mwa mwambo, koma pakhomo panali mtolo wa mphasa, ndiye anangotembenuka n'kukhala pansi, nkhope kukhoma. Ine ndinagwada kumbuyo kwawo.

Ndinati, “Amayi, ndine Timóteo.” Mawu oyamba chikwatirireni mwana wawo. Ndinati ndalakwa kufika pano ndipo ndikudziwa. Ndinati zitsulo za alamu n'zabwino, koma mapasitilya tinagula ife si ake, adya disku mpaka yang'aluka, ndipo pa Kamwala sikaima. Ndinati Abigaeli wasankha kukhala mbali ya chigwembe. Kenaka ndinakankhira disku pafupi ndi dzanja lawo, ndinati angogwira okha.

Dzanja linabwerera m'mbuyo, linafufuza, linaipeza. Chala chinayenda m'mizere muja, chinafika pa mng'alu, chinaima. Chinabwereranso. Chinatsetserekera kumphepete, mlomo uja unawacheka. Anabweza dzanja, anayang'ana magazi, anapukutira pa chitenje chatsopanocho.

Sanandiyankhe ine. Analankhula ndi khoma. “Odeta, mwamuna wako wandivula pagulu.”

Basi. Anadzuka, anaitana Dinis kuti abweretse mota. Anakwera kumbuyo, kathumba ka ufa pamiyendo. A Jaime anapeza mota ina. Anapita anthu anayi okha, opanda mbuzi, opanda thobwa, opanda nyimbo. Ena onse anatsala ataima ndi zovala zawo zatsopano.

Abigaeli walira mpaka kugona. Akuti ndamuwonongera ulendo.

Lamulungu, 19 Outubro

Sindinapite kutchalitchi. Matumba ndatsitsa ndekha, palibe anabwera kudzathandiza. Thobwa likusasa m'migolo, amayi ena akuligawana mobisa. Mbuzi ndiyo yokha yasangalala pamudzi pano.

Disku ikadali pakhonde la apongozi pomwe ndinaisiya. Aliyense akuilambalala. Nkhuku yokha ndiyo inakwerapo.

A Welcome aimbira Odeta. Sindinamve mawu awo, ndinangoona nkhope yake. Akuti anaitana mudzi wonse wa kumeneko, anthu anadikira galimoto ya ku Mozambique yodzaza ndi abale, kunafika mota ziwiri. Manyazi amenewo ndawapangitsa ine. Sindikukana.

Usiku Odeta anaika dzanja pamsana panga. Sindikudziwa ngati kunali kundikhululukira kapena kunditsazika.

Lachiwiri, 21 Outubro

Apongozi abwerako dzulo madzulo, fumbi mpaka m'nsidze. Chala chomanga ndi kansalu. Lero kuyambira m'mawa a Jaime ali m'nyumba mwa apongozi, chitseko chotseka. Anaitana Odeta, anatuluka maso ali ofiira. Anaitana Dinis, anakhalitsa. Ine sanandiitane. Ankhoswe a kwathu sanawatumire uthenga, kapena awatumira ine osadziwa.

Anandiuza ndikakhale kumunda mpaka dzuwa litapendeka. Ndinapita. Pobwera ndinapeza disku palibe pakhonde. Galimoto aifunditsa lona. Bokosi langa la masipanala silili pomwe ndimaliika.

Ndamusambitsa Abigaeli ndekha, ngakhale amakana kuti wakula. Dzino latsopano layamba kutuluka. Ndaliyang'ana nthawi yaitali mpaka anandifunsa ngati lapindika.

Lachitatu, 22 Outubro

Cassacatiza, pabenchi la a Lemani.

M'mawa ndinapeza njinga yanga itatsamira mtengo wa panjira, thumba lomanga kale pakaliyala. Odeta anaima pambali, wakhanda kumsana. Anati, “Amayi akuti munyamuke dzuwa lisanakwere.” Ndinafunsa kuti ndipite kuti. Anati sanamuuze, ndipo thumba amanga okha amayi. Abigaeli anali asanadzuke. Sindinamudzutse, sindikanatha.

Thumba lolemera, zitsulo zikugundana m'kati. Ndinati ndi masipanala anga, andilongedzera zonse. Ndinapalasa osayang'ana m'mbuyo. Pa Kamwala ndinatsika, ndinakankha njinga, misozi ikungotuluka yokha. Pamphambano ya ku Chifunde ndinaima, kwathu ndi uko. Miyendo inakana. Ndinati ndikayambe ndakhala pansi kwa a Lemani, ndi munthu yekhayo amene anaona mng'alu uja n'kundikhulupirira.

Ndamasula thumba pompano.

Pamwamba chinangwa chophika, chokulunga m'masamba a nthochi. Chitupa changa chodutsira malire. Malaya amodzi. Ndinafufuza ena, palibe. Amodzi okha, a Lamulungu aja.

Pansi pake disku, yokulunga m'chiguduli. Pasitilya yodyeka ija. Ndi pinsa, yogulula Dinis ndithu, chifukwa mutu wa bawuti umodzi waulumaluma, ndipo ndikutsimikiza mafuta a travau onse atayikira pansi. Mwana ameneyu ndi sipanala! Koma pinsa ilipo. Mawu a a Lemani oti disku ndi pinsa ziyendere limodzi ndinamuuza Odeta kamodzi kokha. Ndiye kuti anafika onse, osafooka.

M'kati mwa pinsa, mmene mumakhala mapasitilya, munali kansanza. Kona ya chitenje chatsopano chija, yong'amba ndi manja, mfundo ili chimangire. Kiyi ali momwemo.

A Lemani akuti pali lole ikuwoloka kupita ku Katete posachedwa, woyendetsa ndi mnzawo, njinga ndisiye pano. Ku Katete kuli a Welcome, ndipo sindikudziwa ngati akandipatsa mpando. Ndikagwada, ndazolowera. Tikayendayenda m'masitolo mpaka tipeze zala za dzanja limeneli.

Mfundo sindinamasule. Adzamasula okha apongozi ndikabwerako.